Botolo Losayenera Kutsekedwa

Mayi Sajenti wa polisi atamva kuti mtsikana wavulala mu labu ya kemisitire kukoleji, sanadikire n'komwe kuti dalaivala amalize tiyi wake. Mwana wake mmodzi yekhayo amene anatsala naye anali m'chaka choyamba pakoleji yomweyo, ndipo m'mawa umenewo gulu lake ndi limene linkalowa mu labu. Njira yonse Sajenti ankapemphera pemphero loipa, limene mayi aliyense amalidziwa koma palibe amalitchula pagulu: Ambuye, akhale mwana wa wina.

Pempherolo linayankhidwa. Pageti mlonda anamuuza kuti wovulalayo ndi mwana wa telala, ndipo apita naye kale kuchipatala nkhope yonse itakulungidwa. Sajenti anapuma mpweya waukulu, kenako manyazi anamugwira. Mwana wa telalayo anali mnzake wa ponda apa nane mpondepo wa mwana wake. Ankabwera kunyumba, ankamutchula kuti amayi, ankatsuka mbale popanda womutuma.

Sajenti akanachita bwino kuimbira Bwana wake wa kupolisi pomwepo n'kunena kuti mlanduwu apatse wina, poti mwana wake ndi wa kalasi yomweyo. Sanatero. Ankafuna kuti munthu amene wachita zimenezi amugwire ndi manja ake.

Labu inali chipinda chachitali cha matebulo akuda, ndipo fungo lake linkalasa m'mphuno. Cha kumapeto, pafupi ndi sinki yaikulu yotsukirapo ziwiya, pansi ponse panali zidutswa za botolo. Pakhoma panali mizere yonyowa yotsika kuchokera pashelefu yapamwamba, pamwamba penipeni pa sinkiyo. Sajenti anavala magolovesi n'kutola khosi la botolo lomwe linagwera kunsi kwa tebulo. Chitsekerero chinali chikadali pomwepo. Anayesa kuchipotokola, koma chinakana ngati anachiwotcherera.

"Musagwiregwire zinthu chisawawa, mayi. Muno si mumsika."

Wolankhulayo anali mphunzitsi wa labuyo, bambo wamtali wa koti yoyera yosita bwino, amene ophunzira anamupatsa dzina loti a Ziro. Dzinalo sanalitole panjira. Asanafunsidwe kanthu analoza chipepala chomatidwa pachitseko n'kuyamba kulakatula, monga munthu amene amagona nawo malamulo ake.

"Wopanda magalasi oteteza maso salowa. Wa nsapato zoonetsa zala salowa. Tsitsi limangidwe. Chakudya, chakumwa, ngakhale chingamu, kunja. Wochedwa apeza chitseko chokhoma, ndipo ameneyo ndi ziro. Maziro awiri, abwereze chaka. Wophwanya lamulo n'kuvulaza mnzake atenge katundu wake, koleji yathera pomwepo. Aliyense anamva, aliyense anavomera. Ine mlandu ndilibe."

"Sindinanene kuti muli ndi mlandu, aphunzitsi," anatero Sajenti. "Botololi linali la chiyani?"

"La zotaya. Lero timasungunula waya wa kopa mu asidi. Zotsala sizipita mu sinki, zimathiridwa m'botolo limodzi, ndipo botololo limakhala m'kabati yagalasi iyo, yokoka mpweya woipa. Zotsalazo zimakhala zikuwirabe pang'onopang'ono, zikutulutsa mpweya. Ndiye chitsekerero chimangokhazikidwa pamwamba, osamanga. Ukamanga, mpweya usowa kotulukira, ndipo zotsatira zake ndi izi mukuzionazi."

"Ophunzira akudziwa zimenezi?"

"Ndinanena m'mawa tisanayambe, nditakhoma kale chitseko. Ndinabwerezanso."

"Pabotolopo munalembapo?"

A Ziro anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Ndilembenji zimene ndanena ndi pakamwa panga, kwa anthu onse, makutu awo ali poyera?"

Sajenti anayang'ana kabati yagalasi, kenako shelefu. Panali mtunda. Botolo siliyenda lokha. Wina analitulutsa, analimanga ndi mphamvu zake zonse, n'kulikweza pamalo pamene linadzaphulikira kumaso kwa munthu wotsuka pasinki.

"Mtsikanayo anali ndi magalasi ake?"

"Polowa anali nawo. Ndimaima pakhomo ndekha. Koma pamene tinkamudzutsa pansi apa analibe, ndipo m'chipinda muno mulibe. Tasesa paliponse."

"Inu munali kuti?"

"Ofesi ili apa, khoma lomweli. Ambiri anali atamaliza, otsala ankatsuka. Ndinangotulukako pang'ono." Apa mawu a a Ziro anatsika, ndipo kwa kamphindi anaoneka munthu ngati anthu ena. Kenako anadzikumbukira. "Funsani uyo wotsuka mabotolo. Kusuntha zotaya ndi ntchito yake, ndipo m'mawa ankanunkha mowa wa dzulo."

"Funso lomaliza. Panali wochedwa?"

"Kwa ine? Chitseko changa chikakhomedwa, ngakhale nyerere sidutsa."

Sajenti anagwedeza mutu, koma anakumbukira za kunyumba. M'mawa umenewo madzi anabwera pampopi atasowa kwa masiku, ndipo iye mwini anamuuza mwana wake kuti asachoke asanadzaze ndowa zonse. Mwanayo anatuluka akuthamanga, akulira kuti achedwa.

*

Wotsuka mabotoloyo anthu ankangomutchula kuti a Mabotolo. Sajenti anamupeza m'kachipinda kosungira zipangizo kuseri kwa labu, atakhala pandowa yogadabuza, chipewa chili m'manja. Anali nkhalamba yowonda, ya maso ofiira, ya mtundu wa anthu amene amapepesa ngakhale iwo ndi amene apondedwa.

"Bambo, botolo lija munalisuntha ndinu?"

"Kaya, mayi. Mwina ndine."

"Mwina?"

"Aphunzitsi akuti ndine. Iwo ndi ophunzira, sanganame. Ine mutuwu masiku ano, eee, umachoka. Dzulo ndinalawako, sindikana. Akazi anga anandiuza kuti tsiku lina udzapha munthu. Ndiye laoneka lakwana."

"Mukukumbuka mukulinyamula?"

"Ayi."

"Mukukumbuka mukulitseka?"

"Ayi. Koma mwanayo, mayi, mwanayo amandipatsa moni tsiku lililonse. Ena amangodutsa ngati ndine tsache. Ngati ndine, mundimange, ndisamaonenso dzuwa ngati mmene iye sadzalionere."

Analira mopanda phokoso. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka mapilitsi. Analimbana nako, zala zake zopindika zikuterereka pachitsekerero, mpaka anangokapereka kwa Sajenti. "Pepani, tanditsegulirani. Nyamakazi inandimaliza."

Sajenti anatsegula ndi zala ziwiri. Kanali kosamanga n'komwe.

"Jekete lanu lili pamsomali apo. Talitsitsani."

A Mabotolo anaimirira, anakweza dzanja mpaka pachifuwa, nkhope inakwinyika, dzanja linakana kupitirira. Anatola tsache n'kukolowola jeketelo ndi mpini wake. Ankaoneka kuti ndi mmene amachitira masiku onse.

Munthu amene sangatsegule kabotolo ka mapilitsi sangamange chitsekerero mpaka kukanika wapolisi, ndipo munthu amene dzanja lake silipitirira phewa sangakweze botolo lalikulu pashelefu yapamwamba. Nkhalambayi inali yoyera ngati mwana wobadwa kumene, ndipo inali yokhayo imene sinkadziwa.

Kumbuyo kwa kachipindako kunali chitseko china, chotulukira kubwalo. Chinali chotsegula pang'ono, mwala utachitchinga.

"Ichi chimakhala chonchi?"

"Mpweya, mayi. Muno mumatentha."

"Ophunzira amalowera pamenepa?"

A Mabotolo anayang'ana chipewa chawo. "Ine ndikamatsuka ndimayang'ana m'madzi. Kumbuyo kulibe maso. Ndili ndi ana nanenso. Mwana achedwe chifukwa cha basi, ndiye abwereze chaka chonse? Ine sindiona kanthu."

"Lero munaona?"

"Sindinaone. Ndinangomva nsapato."

*

Ophunzira anali atawasonkhanitsa pansi pa mtengo kunja. Mwana wa Sajenti sanali pakati pawo. Anali atangotumiza uthenga pafoni woti ali bwino, wapita kunyumba, mutu ukumupweteka. Anzake onse analoza mtsikana wina wamfupi, wa milomo yopaka, amene ankamutchula kuti Wailesi. Ameneyu sanafunike kumufunsa, ankangofunika kumutsegula.

"Ine ndikuuzani zonse, antie, ine sindibisa. Choyamba, anthu akuti ndi chibwenzi chake chakale. Bodza. Mnyamata ameneyo a Ziro anamubweza pakhomo chifukwa cha masilipasi, anakhala pageti ndi mlonda m'mawa wonse akudandaula. Kafunseni. Chachiwiri, akuti ndi nsanje chifukwa amakhoza. Nsanje ilipo, sindikana, ngakhale ine ndili nayo, koma nsanje yathu ndi yapakamwa. Ndani angagwire botolo lija? A Ziro anachita kutiopseza m'mawa, amvekere, wotseka botolo ili watseka bokosi lake la maliro. Tonse tinkalizungulira ngati njoka."

"Tonse amene munamva."

"Tonse, antie."

"Magalasi ake anapita kuti?"

"Iii, pamenepo ndiye sindikudziwa. Poyamba anali nawo, ndinamuona, ali ndi kaulusi kofiira kamene anamangirira kuti asasokonezeke ndi a ena. Bambo ake ndi telala, mwamva? Ndiye chilichonse chake chimakhala ndi kaulusi."

"Mumagwira ntchito awiriawiri?"

"Eya, lamulo limenelo. Palibe wogwira yekha. Ndiye iye poyamba anali yekha, akungoyang'ana kuchitseko, ife n'kumati lero a Ziro amudya. Koma anaika chikwama pampando ngati mnzake wangopita kukatenga madzi. Wochenjera uja! Kenako tikuyatsa moto timangoona mnzake uja ali pambali pake, thukuta lili kamukamu, akumanga mabatani a koti. Tinangotsinana. Ife sitiululana, antie, lero ndi iye mawa ndi ine."

"Mnzakeyo ndani?"

"Uja amayenda naye nthawi zonse, wofatsa uja, mwana wa wapoli…"

Wailesi inazima. Mtsikanayo anayang'ana yunifolomu, anayang'ana nkhope ya Sajenti, mphuno ija ndi chipumi chija, ndipo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

*

Sajenti anabwerera mu labu yekha n'kuima pansi pa shelefu ija. Sanafunenso mboni. Ankadziwa nyumba imodzi yokha mumzinda wonse imene munthu akaona botolo losatseka bwino salisiya, ndipo akalitseka salibweza pamene walipeza.

Kale anali ndi ana awiri. Wamng'onoyo, mnyamata, anali atangoyamba kuyenda pamene anapeza botolo la parafini pansi pa tebulo, chitsekerero chili chongokhazika, n'kumwa. Sanafike naye kuchipatala. Mlongo wake ndi amene anamupeza, iyenso ali mwana. Kuyambira pa maliro amenewo m'nyumbamo munalowa lamulo limodzi loposa malamulo onse a m'buku la polisi: tseka, kweza. Botolo lililonse, la mankhwala, la mafuta, ngakhale la madzi, limangidwe mpaka dzanja lipweteke, kenako likwere pamwamba pamene mwana sangafike. Sajenti analiphunzitsa lamulolo ndi mawu, ndi misozi, nthawi zina ndi khofi. Alendo ankaseka kuti m'nyumba ya wapolisi ngakhale mafuta ophikira ali pa ukaidi. Mwana wotsalayo anakula nalo mpaka linalowa m'manja, moti ankatseka mabotolo a eni ake kunyumba za eni ake akucheza, osadziwa n'komwe kuti akutero.

Foni inalira. Anali Bwana.

"Sajenti, ndamva kuti nkhalambayo yavomera. Anyamata aitenga kale, ili m'chitokosi. Akuluakulu a koleji akufuna nkhaniyi ithe isanafike m'manyuzi. Kunyalanyaza pantchito, kuledzera, basi. Ulembe, ndisayine."

"Bwana, nkhalambayo manja ake…"

"Manja ake atani? Munthu wavomera ndi pakamwa pake. Ukufuna ntchito ina yoonjezera?"

"Ayi, Bwana."

"Ndiye wachita bwino. Mlandu wosavuta ngati uwu umabwera kamodzi pachaka."

Anadula. Sajenti anakhala ataigwira foniyo. Khomo lothawira linali litatseguka lokha, lalikulu, ndipo palibe akanamuona akudutsapo. A Ziro sakanavomera kuti munthu analowa mozemba m'labu yawo. Ophunzira saululana. A Mabotolo ankakhulupirira kale kuti ndi iwo. Kunangotsala munthu mmodzi, ndipo ameneyo anali kuchipatala.

*

Telala anali atakhala pabenchi m'khonde la chipatala, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anathamanga nayo kuchokera kushopu ndipo palibe anamukumbutsa kuivula. Ataona Sajenti anaimirira n'kumugwira manja onse awiri.

"Mwabwera, mayi. Ndinadziwa kuti mubwera. Adokotala akuti maso onse awiri apita. Akuti mwina kuwala kokha, mwina. Ine ndimati ameneyu ndiye adzakhale dokotala, tsopano ndi uyu akugona apa." Anameza malovu. "Amene wachita izi mumupeze. Ndinu mayi ake nanunso. Mumupeze."

"Ndiyesetsa, bambo," anatero Sajenti.

Mtsikanayo anali chagada, mutu wonse uli m'mabandeji, pakamwa pokha ndi mphuno zili poyera. Anatembenuka atamva nsapato.

"Amayi? Ndazindikira kuyenda kwanu."

"Ndine, mwanangu."

"Mnzanga ali bwino? Sizinamufike?"

"Ali bwino."

"Ndiye bwanji sakubwera?"

Sajenti anakhala pamphepete pa bedi. Mafunso a ntchito amatuluka okha ngakhale mtima utafa. "Magalasi ako anali kuti?"

"Ndinavula. Ankachita nthunzi, sindinkaona bwino."

"Unawaika pati?"

"Patebulo. Kaya, mwina anagwa."

"M'chipinda muja mulibe."

"Ndiye wina watola."

"Mwanangu, ine ntchito yanga ndi yomvetsera mabodza. Lako ndi laling'ono kwambiri, silikukwana."

Dzanja la mtsikanayo linafufuza pabulangete mpaka linapeza dzanja la Sajenti.

"Mwana wanu anaiwala ake pothamanga. Ankangobisala kumbuyo kwanga, koma a Ziro anayamba kuzungulira matebulo. Iye ali kale ndi ziro imodzi, ya tsiku limene ankadwala. Ine ndinalibe. Ndiye ndinamupatsa anga, ine n'kupita kusinki kukatsuka, nditafulatira. Ndinati akandigwira ine ndi ziro imodzi yokha, sindifa nayo." Anaseka pang'ono, kuseka kosamveka bwino. "Ndinakhalitsa pamenepo, ndinatsuka za gulu lonse."

"Botolo lija unaona amene analikweza?"

Mtsikanayo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Ine sindiona, amayi. Mukalembe choncho. Sindiona, ndipo sindinaone."

"Pali nkhalamba m'chitokosi."

"A Mabotolo?" Dzanja lija linafinya. "Ayi. Ayi, iwo ayi." Anapuma movutika. "Koma amayi, zanga zada kale. Tisathere limodzi tonse awiri. Mmodzi amalize. Tinagwirizana kuti tidzamaliza."

Sajenti anadzuka n'kutuluka. M'khonde telala anaimiriranso, maso ali pa iye, ndipo iye anadutsa ngati akuthamangira foni.

*

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Ndowa za m'mawa zija zinali zitandandalikidwa m'khonde, zodzaza, zovundikira bwino. Anaziyang'ana ndi chidani, ngati kuti ndowa zingakhale ndi mlandu.

Mwana wake anali kukhitchini, atakhala pansi, msana uli kukhoma. Anali asanasinthe zovala. Pamiyendo pake panali magalasi oteteza maso, ndipo pa lamba wake panali kaulusi kofiira. Sanayese kuwabisa.

"Ndimafuna ndikamubwezere," anatero. "Ndinafika pageti la chipatala, ndinabwerera. Akawatani tsopano?"

Sajenti anakoka mpando. Anali atafunsapo akuba, achiwembu, amuna opha akazi awo, ndipo sanasowepo poyambira. Lero anasowa.

"Unalowera kwa a Mabotolo?"

"Eya."

"Aphunzitsi anali atamaliza kulankhula?"

"Anali atamaliza. Anthu anali atayamba kale."

"Ndiuze za botolo."

Mwanayo anakweza maso. Munalibe chinyengo m'menemo, munali mantha okhaokha ndi funso limene linkamudya kuyambira m'mawa.

"Ndinapita kukathira zotsala zathu. Ndinapeza wina walisiya chosatseka, amayi. Botolo la asidi, chitsekerero chongokhazika, likutuluka utsi, ndiponso lili m'munsi, poti aliyense angaligunde ndi chigongono. Ndinati anthu awa ndi otani? Ndinalimanga bwinobwino. Ndinagwira ndi koti kuti lisaterereke, ndinamanga mpaka dzanja linapweteka. Kenako ndinalikweza pamwamba." Mawu anayamba kuduka. "Ndinamuuzanso mnzanga uja kuti taona, ndakuchotsera ngozi. Sanamve, mpopi unkasokosera. Ndinatuluka kukataya mapepala, ndiye ndinamva kuphulika. Anthu akuti a Mabotolo anasakaniza zolakwika. Ndi choncho, eti? Anathiramo china chake? Chifukwa ine ndinatseka, amayi. Ndinatseka bwinobwino. Ndinalakwa chiyani?"

Apa ndi pamene Sajenti akanatha kunena kuti eya, mwanangu, ndi nkhalamba ija. Liwu limodzi lokha. Mwanayo akanalira, akanagona, akanabwerera kukoleji, ndipo tsiku lina akanavala mkanjo wa omaliza maphunziro umene Sajenti ankaulota kuyambira tsiku limene anaika mwana wake wamng'ono uja m'manda. Liwulo linafika mpaka pamilomo. Koma anaona nkhalamba ikukolowola jekete ndi mpini wa tsache, ndipo anadziwa kuti m'ndende simukhala tsache lokolowolera kanthu. Anadziwanso kuti mwanayu si wopusa. Sabata yamawa, kapena chaka chamawa, mphunzitsi wina adzaima kutsogolo n'kunena kuti botolo la zotaya silimangidwa, ndipo mwanayu adzamva ali yekha pakati pa anthu.

"Botolo limene lija silitsekedwa," anatero Sajenti. "Limatulutsa mpweya. Ukalimanga limaphulika. Aphunzitsi ananena m'mawa, iwe usanafike."

Mwanayo anamuyang'ana ngati sakumva chilankhulocho.

"Silitsekedwa?"

"Silitsekedwa."

"Koma botolo lililonse…"

"Ndikudziwa. Ndinakuphunzitsa ndine."

Kulira kwake sikunabwere msanga. Kunayamba ndi kugwedezeka kwa mapewa, kenako kunatuluka mawu amene Sajenti anawamvapo kamodzi kokha, tsiku la parafini lija, kuchokera pakamwa pomwepa. Anatsika pampando n'kumukumbatira pansi pomwepo. Sanamuuze kuti zikhala bwino, chifukwa sizikanakhala bwino. Mnzake sadzaonanso. Koleji yatha, poti lamulo lili pachitseko ndipo a Ziro alibe khutu lomvera za ndowa ndi madzi. Za kukhoti zinali m'manja mwa ena. Ngakhale yunifolomu yake yomwe, Bwana akadzamva kuti anagwira mlandu wa mwana wake osanena, inali yokayikitsa.

Patapita nthawi mwanayo anafunsa ndi mawu osasa, nkhope ili pachifuwa cha mayi ake.

"A Mabotolo ali kuti?"

"M'chitokosi."

"Akuti chiyani?"

"Avomera. Akuganiza kuti ndi iwo."

"Ndiye palibe akudziwa."

"Mnzako akudziwa, ndipo akuti ndisalembe. Akuti mmodzi amalize."

Sajenti sanadziwe chimene iye mwini akufuna kuti mwanayo anene. Anachita mantha kuti anena kuti tikhale chete. Anachitanso mantha kuti sanena.

"Amayi, mapilitsi awo amawasiya pawindo la kachipinda kaja akamachoka. Awatengera?"

"Ali nawo m'thumba."

"Sangatsegule okha. Timawatsegulira ndife."

Sajenti anatseka maso. Yankho linali limenelo.

"Kasambe kumaso," anatero. "Uvale nsapato. Tipite kwa Bwana asanaweruke."

Mwanayo anadzuka pang'onopang'ono, monga munthu amene wachira malungo. Anasamba, anavala, anaika magalasi a kaulusi kofiira m'chikwama. Sajenti anamudikira pakhomo la khitchini, chipewa chili m'manja, akuyang'ana nyumba imene anaimanga kuti mwana asadzavulalemonso.

Patebulo panali botolo la mafuta ophikira limene Sajenti analisiya m'mawa pothamangira madzi, chitsekerero chili chongokhazika. Podutsa, dzanja la mwanayo linapita lokha. Linagwira, linamanga, linamanganso, ndipo linali litayamba kale kukwera kushelefu pamene mwini wake anazindikira chimene likuchita. Anaima botololo lili m'malere, osadziwa kolipititsa, ndipo anatembenuka kuyang'ana mayi ake kuti amuuze.

Sajenti anatsegula pakamwa, koma analibe lamulo lina loti amupatse.